Banja la ku Eulau lomwe linaikidwa m'manda amodzi

Mu 2005, akatswiri ofukula zinthu zakale anapeza manda anayi pamalo okumba miyala ku Eulau, pafupi ndi tauni ya Naumburg m'dziko la Germany. M'mandamo munali anthu 13, akuluakulu ndi ana, omwe anaikidwa zaka pafupifupi 4,600 zapitazo, m'nthawi ya anthu odziwika ndi miphika yomwe ankaikongoletsa podindapo zingwe dongo lisanaume.

Pamwambo wawo, mwamuna ankamugoneka chakumanja ndipo mkazi chakumanzere, onse nkhope zitaloza kummwera. Koma m'manda amodzi oika maliro anaupatuka mwambowu: anagoneka mwamuna, mkazi ndi anyamata awiri, wamkulu aliyense atayang'anizana ndi mwana. Kafukufuku wa DNA yemwe wasayansi wina, Wolfgang Haak, ndi anzake anafalitsa mu 2008 anatsimikiza kuti awa anali bambo, mayi ndi ana awo obereka okha. M'manda ena munali mayi ndi ana atatu, ndipo awiri mwa anawo anali pachibale koma sanabadwe mwa iye. N'kutheka kuti anali azakhali awo kapena mayi owapeza, ndipo oika maliro anaona kuti malo a anawo ndi pambali pake basi.

Mano nawonso ananena zawo. Mchere wa strontium, womwe umalowa m'mano a mwana kuchokera m'madzi ndi chakudya cha kumene akukulira, unaonetsa kuti amuna ndi ana anali a m'deralo, pomwe akazi anakulira kwina. Kunena mwa kwathu, anthuwa ankakwatira chitengwa, osati chikamwini.

Imfa yawo inali yachiwawa. Pamsana pa mayi wina panapezeka nsonga ya muvi yamwala itabaya fupa, ena anali ndi zigaza zosweka, ndipo ena anathyoka mikono ngati anthu omwe ankadzitchinjiriza. Chochititsa chidwi n'chakuti pakati pa akufawo munalibe anyamata ndi atsikana osinkhuka: anali ana aang'ono ndi anthu aakulu msinkhu. Ofufuza amaganiza kuti amphamvuwo anali atachokapo pomwe adani anafika, ndipo atabwerera anaika abale awo. Maganizowa ndi omveka, chifukwa mlendo sakanadziwa kuti mwana uyu ndi wa mayi uti kuti awagoneke moyang'anizana.