Oyendetsa Maboti, Chenjerani ndi Mchenga Wobisika M'madzi

Njira imene munadutsa bwinobwino mwezi watha ikhoza kukutsakamiritsani lero. Mtsinje umanyamula mchenga ndi matope, ndipo pamene madzi afooka liwiro umatula katunduyo. Mvula ikagwa yambiri, milu ya mchengayi imasamuka. M'chilimwe madzi akaphwera, imatsala pang'ono kutulukira pamwamba koma osaoneka.

Pokhota mtsinje, mchenga umaunjikana mbali ya m'kati, pomwe mbali ya kunja, kumene madzi amagumula gombe, ndi kozama. Malo ena oopsa ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja komanso kumunsi kwa chilumba. Yang'anani madziwo: akayera kapena kufiirira kusiyana ndi ozungulira, kapena mafunde akayamba kuima ndi kusweka pamalo amodzi, pamenepo ndi posaya. Mbalame yoima pakati pa mtsinje siyandama ayi, yaponda pansi.

Mukakayika, chepetsani injini ndipo wina akhale kutsogolo akuyeza kuya ndi mtengo wautali. Usiku zizindikiro zonsezi sizioneka. Boti lodzaza mopyola muyezo limalowa kwambiri m'madzi, choncho limakhudza pansi pomwe lopepuka ladutsa.

Boti likagunda mchenga lili pa liwiro limaima mwadzidzidzi. Anthu amaponyedwa kutsogolo, ena kuthyoka mafupa, ena kugwera m'madzi pafupi ndi pulopela, chitsulo chozungulira chokankha boti. Zikatero zimitsani injini msanga, werengani anthu, ndipo onani ngati madzi akulowa. Aliyense akhale pansi. Anthu akaimirira n'kuthamangira mbali imodzi, boti limene linangotsakamira limagubuduzika. Musalize injini mwamphamvu pofuna kudzichotsa, imayamwa mchenga n'kutentha.

Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kudumphira m'madzi kuti akankhe boti poona kuti madziwo akulekeza m'mawondo. M'mphepete mwa mulu wa mchenga mumatsetsereka mwadzidzidzi: phazi limodzi muli posaya, lachiwiri mwalowa m'dziwe. Wotsika akhale atavala jekete yoyandamitsa ndipo agwire chingwe. Kunena zoona, jeketeyo avale aliyense asanakwere, makamaka ana. Yosungidwa pansi pa mpando sipulumutsa munthu, ndipo woyendetsa amene wamwa mowa asagwire chiwongolero.

Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse mu 2021.

Munthu akagwera m'madzi, m'ponyereni chingwe kapena chigubu chotseka, musamudumphire. Mukamuvuula ali chikomokere ndipo sakupuma, mugonekeni chagada, mupumireni m'kamwa, kenaka dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kumupumira kawiri, mobwerezabwereza mpaka thandizo lifike. Musamufinye pamimba kuti asanze madzi. Akatsitsimuka mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa befu patapita maola angapo.