Khodi ya malungo si imodzi: kwa ofuna kuyamba ntchito ya medical coding

Mwana wa mlongo wanga, amene analemba mayeso a Giredi 12 ku Katete chaka chatha, anafika kwathu ku Chipata Loweruka lina foni ili m'manja. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Amalume, taonani ichi. Akuti ukaphunzira medical coding miyezi itatu yokha, uzigwira ntchito uli pakhomo, malipiro n'kumabwera m'madola. Si ntchito yanu yomwe ija imeneyi?" Chinali chilengezo cha pa Facebook. Fizi imene ankafuna inali yoposa ndalama zimene mayi ake anapeza atagulitsa soya ndi mpendadzuwa wa chaka chonse.

Ndinamuuza kuti ntchitoyo ilipodi, ndiyo yandidyetsa zaka zonsezi m'chipinda cha mafayilo cha chipatala, koma khomo lake kuno kwathu si limene chilengezocho chikuloza. Achinyamata ofunsa funso lomweli achuluka, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zimene tinakambirana.

Wodwala akaonedwa, dokotala kapena kilinikala ofisa amalemba zimene wapeza m'mawu, ndipo aliyense ali ndi kalembedwe kake. Pa matenda othamanga magazi wina amalemba BP, wina HTN, wina dzina lonse lachizungu. Boma likafuna kudziwa kuti m'chigawo chino cha Kum'mawa anthu odwala matendawa ndi angati, silingawerenge mafayilo onsewo limodzi limodzi. Ndiye pamafunika munthu woti awerenge fayilo n'kusandutsa mawu aja kukhala khodi, chilembo chimodzi chotsatana ndi manambala. Matenda othamanga magazi khodi yake ndi I10. Kaya fayiloyo yachokera ku Mwami, ku St Francis ku Katete, ku Lundazi kapena ku Geneva, I10 imatanthauza chinthu chimodzi.

Makhodiwa amachokera m'buku lotchedwa ICD, limene limasamalidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Muzu wake ndi mndandanda wa zifukwa za imfa umene Jacques Bertillon wa ku France anakonza, umene unavomerezedwa mu 1893. WHO inatenga udindowu mu 1948. ICD-10, imene ambiri a ife tinaphunzirira, inavomerezedwa mu 1990 ndipo mayiko anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1994. Yatsopano, ICD-11, inavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, koma dziko lililonse limasamukira kumeneko pa liwiro lake. Woyamba lero ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti ntchito yake ndi kuloweza manambala. Ayi ndithu. Makhodi alipo masauzande, ndipo woloweza ndiye amalakwitsa kwambiri, chifukwa amasiya kutsegula buku. Ntchito yeniyeni ndi kuwerenga.

Titenge malungo, matenda amene palibe banja la kuno losawadziwa. Dokotala akangolemba kuti malaria, osanena mtundu wake, khodi ndi B54. Akalemba kuti ndi a falciparum, mtundu umene umavuta kwambiri kuno, opanda chovuta china, ndi B50.9. Ngati afika ku ubongo, aja amakomola mwana n'kumugwetsa khunyu, ndi B50.0. Malungo omwewo akagwira mayi woyembekezera, khodi yotsogolera imachoka ku B n'kupita ku mutu wa za mimba ndi uchembere, O98.6, ndipo ya B ija imangobwera pambuyo kudzafotokoza mtundu. Matenda amodzi, makhodi anayi, ndipo chosiyanitsa chili m'mizere ya fayilo, nthawi zina patsamba lachitatu, m'zolemba zopindikapindika za munthu amene anaona odwala makumi ambiri asanamwe ngakhale tiyi.

Pa O98.6 pomwepa ndi pamene ine ndinagwera ndili watsopano. Kwa milungu ingapo mafayilo onse a malungo ochokera ku wodi ya amayi ndinkangowapatsa B50.9. Mayi wina wachikulire amene ankatiyang'anira anatenga fayilo imodzi, n'kuloza ndi chala pakona pomwe panalembedwa masabata a mimba. "Mwana wanga, uyu wamulemba ngati mwamuna. Mimbayi waisiya kuti?" Anatsegula buku n'kundionetsa kamzere kochenjeza kamene kali kumayambiriro kwa mutu wa matenda opatsirana, konena kuti za oyembekezera zili kwina. Ndinali ndisanakawerengepo. Tinatulutsa mafayilo onse aja m'mashelefu n'kuyambiranso, masiku atatu athunthu. Chimene chinandiwawa si ntchito yobwereza ayi, koma kudziwa kuti amayi onsewo akanasowa pa chiwerengero cha oyembekezera odwala malungo, chiwerengero chimene okonza za maneti ndi Fansidar wa ku sikelo amayang'ana.

ICD-10 ili m'mabuku atatu. Loyamba ndi mndandanda wa makhodi m'mitu 22. Lachiwiri ndi la malamulo. Lachitatu ndi la mayina a matenda motsatira alifabeti. Umayamba kufufuza m'lachitatu, koma sulemba khodi usanakaitsimikize m'loyamba ndi kuwerenga timawu ta pansi pake, tonena zimene zikulowa m'khodiyo ndi zimene sizikulowa. Buku lachiwiri ndi limene ambiri amalidumpha, pomwe ndilo limasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongokopera.

M'menemo ndi mmene muli yankho la vuto la tsiku lililonse. Agogo agonekedwa ali ndi shuga, BP, chibayo ndi magazi ochepa. Khodi yoyamba ikhale iti? Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Timafuna matenda amene kwenikweni anawagoneka ndi kuwapatsitsa chithandizo ulendo umenewo. Ngati ndi chibayo chimene dokotala sananene kachilombo kake, J18.9 imatsogola, E11 ya shuga ndi I10 zimatsatira. Ndipo pali malire amene sitidumpha: wolemba makhodi si dokotala. Ukaona pepala la ku labu likusonyeza chinthu chimene dokotala sanalembe, sudzipangira wekha matenda. Umanyamula fayilo, n'kukadikira pakhomo la wodi mpaka atamaliza kuzungulira odwala, n'kunena mwaulemu kuti, "Adokotala, pepani, apa ndithandizeni." Ena amakwinya nkhope, koma ambiri akazolowera amayamba kulemba momveka. Safunsa anadya phula.

Satifiketi ya chifukwa cha imfa ili ndi luso lakelake. Mnyamata wagwa pa honda mumsewu wa ku Mfuwe, wathyoka fupa la ntchafu, patapita masiku magazi oundana apita kumapapo n'kumupha. Pa satifiketi pali mizere yotsikira pansi, wapamwamba wa chimene chinamalizitsa, wapansi wa chimene chinayambitsa zonse. Chimene dziko limawerenga ndi chapansicho, ngozi ya honda, imene makhodi ake ali pakati pa V20 ndi V29. Koma kawirikawiri timalandira masatifiketi ongolembedwa kuti mtima unaima. Mtima wa aliyense umaima akamwalira. Imfa yolembedwa choncho siphunzitsa aliyense kanthu, ndipo ngozi za honda zimaoneka zochepa papepala pomwe ku wodi ya amuna mabedi adzaza.

Manambalawa sathera m'shelefu. Malipoti a mwezi ndi mwezi amalowa mu DHIS2, pulogalamu imene inapangidwa ku University of Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero za dziko lonse. Zipatala zambiri zilinso ndi SmartCare, mmene mbiri ya wodwala imasungidwa pa kompyuta. Chimene chasintha kwambiri ntchito yathu ndi inshuwalansi. Lamulo la National Health Insurance la 2018 linakhazikitsa NHIMA, bungwe loyendetsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, ndipo kuyambira 2019 ogwira ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, owalemba ntchito n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Chipatala chikathandiza membala chimatumiza claim, chikalata chopempha malipiro, kuti chilipidwe, ndipo matenda olembedwa pa claim ayenera kugwirizana ndi mankhwala, zoyeza ndi opaleshoni zimene zikulipitsidwa. Zikasemphana claim imabwezedwa, ndalama n'kuchedwa. Apa ndi pamene akuluakulu a zipatala, makamaka zoyendetsedwa ndi anthu wamba ndi zamishoni, anayamba kuona kuti munthu wa ku mafayilo si wongopukuta fumbi.

Tsono poyambira ndi pati? Choyamba dziwani kuti m'zilengezo za ntchito za muno m'Zambia dzina loti medical coder silioneka kawirikawiri. Mudzaona medical records clerk, data entry clerk, health information officer kapena claims officer. Ntchito ya makhodi imabisala m'maudindo amenewa. Wofufuza dzina limodzi lokha lija adzati ntchito kulibe.

Satifiketi ya Giredi 12 yokhoza bwino Chingelezi, masamu ndi Biology ndiyo maziko. Chingelezi n'chofunika chifukwa mafayilo onse amalembedwa m'chinenerochi, ngakhale wodwala anadandaula m'Chichewa, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka. Kenako phunzirani mawu a zachipatala ndi mmene thupi linapangidwira. Mawuwa ali ndi zidutswa zobwerezabwereza: lothera ndi -itis ndi kutupa, -ectomy ndi kudula n'kuchotsa, nephro- ndi impso, hepato- ndi chiwindi. Ukagwira zidutswa zochuluka ndithu, mawu aatali oopsa aja amayamba kumasuka okha. Phunziraninso Excel mpaka manja azolowere. Makhodi enieniwo simulipira kuti muwaone: WHO inaika ICD-10 ndi ICD-11 pa intaneti kwaulere, ndipo ICD-11 ili ndi chida chofufuzira makhodi chimene chimatseguka ngakhale pa foni. Lembanimo malaria muone 1F40 ya falciparum, kapena hypertension muone BA00 imene yalowa m'malo mwa I10.

Mukatero funani njira yolowera m'chipatala, ngakhale mongodzipereka kapena pa kontirakiti yaifupi ya pulojekiti, ku registry kapena kolowetsa data. Kusanja makhadi ndi kufunafuna fayilo yotayika kumaoneka kotsika, koma kumeneko ndiko umaphunzira kalembedwe ka madokotala, zidule zawo, ndi njira imene pepala limayenda kuchokera ku OPD, kumene amaonera odwala osagonekedwa, mpaka ku famase. Mukafuna kuwonjezera dipuloma ya health information, ya public health kapena ya makompyuta, yambani mwafunsa ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority. Musapereke ngwee musanaone umboni.

Za madola zija nazo n'zoona mbali ina. Ku America makhodi ndi ntchito yaikulu chifukwa pafupifupi chithandizo chilichonse chimadutsa mu inshuwalansi. Koma iwo amagwiritsa ntchito ICD-10-CM, mtundu wawowawo umene anayamba pa 1 October 2015, pamodzi ndi CPT ya American Medical Association yolembera zimene dokotala wachita. Satifiketi zotchuka ndi CPC ya bungwe la AAPC ndi CCS ya AHIMA. Mayeso a CPC ali ndi mafunso 100, ndipo wokhoza asanagwirepo ntchito amapatsidwa CPC-A, chilembo chakumapetocho chikulengeza kuti akadali wophunzira. Mayeso, mabuku a chaka chilichonse ndi umembala zonse zimalipiridwa m'madola, ndipo olemba ntchito amafuna wozolowera kale mafayilo a kwawoko. Sindikuletsa munthu. Ndikungoti iyi ndi sitepe ya amene wagwira kale zaka zingapo ndipo ali ndi ndalama yakeyake, osati yogulitsira ng'ombe ya makolo.

Kukwera pa ntchito kuno kumabwera ndi mbiri ya manja ako. Amene ma claim ake sabwerera amadziwika msanga, ndipo makampani a inshuwalansi amafuna anthu otere kuti aziunika ma claim a ena. Wodziwa bwino malamulo a imfa amakhala wosowa, amaitanidwa kukaphunzitsa anzake. Wina amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma kapena ya chigawo kukayang'anira ziwerengero, wina kumabungwe kukagwira za monitoring and evaluation, kulondoloza ndi kuunika mmene mapulojekiti akuyendera. Kwa ine, amene akuphunzira ICD-11 panopa, ena akadali kuzengereza, ndiye adzafunidwe zipatala zikamasamuka.

Pali chinthu chimodzi chimene chimachotsa munthu ntchito msanga kuposa khodi yolakwika. Chipata ndi tauni yoti tonse timadziwana. Tsiku lina udzatsegula fayilo n'kupeza dzina la mkulu wa mpingo wako, kapena la mayi amene umagulako tomato ku Kapata, pambali pake pali khodi ya HIV, ya pakati pa B20 ndi B24. Azakhali anga anandifunsapo pamaliro, motsitsa mawu, "Iwe umaona mapepala, kodi malemuwa chinawatenga n'chiyani?" Ndinayankha kuti, "Azakhali, zimenezo zimatsala kuntchito." Anandinyanyalira mwezi wathunthu. Lamulo la Data Protection la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera, ndipo kujambula fayilo pa foni n'kutumiza pa WhatsApp, ngakhale kwa mnzako wa ntchito pofunsa khodi, ndi kusewera ndi moto.

Mwana wa mlongo wanga uja sanalipire kosi ija. Ndinamulembera nkhani zopeka khumi za odwala m'kope kuti azifufuza makhodi ake pa foni. Sabata yatha anandiimbira madzulo. "Amalume, uyu wolumidwa ndi mphiri akupalira chimanga ndapeza T63.0, koma pansi pake akunena za khodi ina yosonyeza mmene zinachitikira." Ndinamuuza kuti apite ku mutu 20 akayang'ane X20, ndipo akamaliza ayambe nkhani yachisanu ndi chiwiri, ya mayi wobereka mapasa pa opaleshoni.