Madontho akuda a pa mwezi si zotsalira za nyanja yamoto

Ambiri akamva kuti mwezi uli wakhanda unakutidwa ndi nyanja ya miyala yosungunuka, amaloza madontho akuda aja nati ndizo zotsalira zake. Ayi ndithu, mboni yeniyeni ndi mbali zoyerazo. Nyanjayo itayamba kuzizira, zaka zoposa 4 biliyoni zapitazo, miyala yolemera inamira, pamene yopepuka, yotchedwa plagioclase, inayandama ngati madeya pamadzi n'kuuma pamwamba. Tizidutswa take toyera tinapezeka m'dothi lomwe anthu opita ku mwezi pa ulendo wotchedwa Apollo 11 anabwera nalo mu 1969.

Madontho akudawo ndi obwera mochedwa. Chiphalaphala chinatumphuka kuchokera pansi n'kudzaza zigwa zikuluzikulu zokumbidwa ndi miyala yogwa kuchokera mlengalenga. Akale anawatcha "maria", kutanthauza nyanja m'Chilatini, komatu madzi mulibemo.