UNZA ya dzulo ndi UNZA ya lero

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikangotuluka, m'nyumba zambiri ku Matero, Chilenje, Kaunda Square ndi Mtendere mumabuka mkangano wofanana. Mwana wakhoza bwino, ndipo atate ake ndi amalume ake sakufuna kumva dzina lina koma UNZA, University of Zambia ya pa Great East Road mu Lusaka. Mwanayo akuti, "Amalume, anzanga amene anapita ku mayunivesite a anthu wamba akumaliza pa nthawi yake, sukulu zawo sizitsekedwatsekedwa." Amalume akuyankha kuti, "Mwanawe, pepala la pa Great East Road silifanana ndi ena aja. Ukadzakula udzamvetsa." Onse awiri ali ndi mfundo, kungoti aliyense akunena za UNZA ya nthawi yake.

Ulemu umene akuluakulu amapereka ku sukuluyi unayambira pa kusowa. Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, dziko lonse linali ndi Azambia a digiri pafupifupi 100 okha. Sekondale ya boma ya ana akuda inayamba mochedwa, mu 1939, ndiyo Munali yodziwikayi. Wofuna kupitirira apo ankayenera kutuluka m'dziko: ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena ku Salisbury, pa University College of Rhodesia and Nyasaland imene ambiri ankaiona ngati mwana wa chitaganya chomwe ankadana nacho. Migodi ya mkuwa inalipo, njanji inalipo, maunduna analipo, koma oyendetsa zonsezi anali azungu. Boma latsopano linalandira makiyi a maofesi popanda anthu okwanira oikamo.

Mu 1963 gulu lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood, amene anakhalapo mkulu wa University of London, linafufuza za kukhazikitsa yunivesite kuno. Malangizo ake anasiyana ndi mmene zinayendera kwina. Makerere, Ibadan ndi koleji ya ku Ghana zinayamba ngati nthambi zopereka madigiri a London. Gulu la Lockwood linati ya kuno iime payokha kuyambira tsiku loyamba, ipereke madigiri akeake, ndipo itenge ophunzira a O level m'malo modikira a A level amene anali owerengeka, digiri n'kukhala ya zaka zinayi. Linatinso yunivesiteyo itumikire zosowa zenizeni za dziko, koma maphunziro ake akhale oti mayiko ena awalemekeze. Zinthu ziwirizi zakhala zikukokana kuyambira pamenepo mpaka lero.

Chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti anthu wamba anasonkha pomanga sukuluyi. Pamene Kenneth Kaunda ankalandira udindo wa Chancellor woyamba mu Julaye 1966, anatchula osonkhawo: anthu a m'midzi osadziwa kulemba, ana a sukulu oyenda opanda nsapato, akaidi, ngakhale odwala khate. Amene analibe ndalama anapereka nkhuku, nsomba kapena chimanga. Gogo wa ku Katete kapena ku Chadiza wopereka nkhuku yake ankadziwa kuti iye mwini sadzapondako, mwina ngakhale ana ake. Ankasonkhera mwana wa dziko, aliyense amene mutu wake ungamufikitse kumeneko. N'chifukwa chake mbadwo umenewo sulankhula za UNZA ngati sukulu wamba. Umaiona ngati chinthu chake, ndipo ukamva kuti zimbudzi za m'mahositelo zatsekeka umapwetekedwa mtima mosiyana ndi mmene ungamvere za ofesi ina ya boma.

Lamulo lokhazikitsa yunivesite linadutsa mu 1965, ndipo maphunziro anayamba mu Malichi 1966 ku Ridgeway ndi ophunzira 312. Mkulu woyamba woyendetsa sukuluyi anali Douglas Anglin wa ku Canada. Mu 1969 udindowu unapita kwa Mzambia, Lameck Goma wa ku Lundazi, katswiri wa sayansi ya tizilombo, amene dzina lake lili pa timadamu tija timaoneka munthu akamadutsa pa Great East Road.

Zaka khumi zoyambirira ndizo akale amazisimba mosatopa. Mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, kwacha inali yamphamvu. Wophunzira sankalipira fizi, ankadya kudayiningi, ankagona m'chipinda cha anthu awiri, ndipo boma linkamupatsanso ya m'thumba. Koposa zonse, ntchito inkamudikira. Boma linkachotsa azungu m'maudindo n'kuikamo Azambia, ndipo pambuyo pa zilengezo za ku Mulungushi mu 1968 ndi za ku Matero mu 1969, makampani akuluakulu ndi migodi zinalowa m'manja mwa boma. Makampani a boma a INDECO ndi ZIMCO ndi maunduna onse ankalimbirana omaliza maphunziro ochepawo. Mnyamata wa zaka 25 ankatha kupatsidwa ofesi, nyumba ndi galimoto. Kumudzi ankangoti "mwana wa uje ali ku yunivesite," osatchula dzina, chifukwa inalipo imodzi yokha. Nawonso a m'mayiko oyandikana amene anali pa nkhondo ya ufulu anaphunzira pano. Emmerson Mnangagwa, mtsogoleri wa Zimbabwe, anachita za malamulo pa UNZA.

Ophunzirawo anadziwa msanga kuti mawu awo ndi olemera. Mu Julaye 1971 anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa France kukatsutsa zoti dzikolo likuthandiza boma la tsankho la South Africa ndi ndege zankhondo. Anakangana ndi apolisi, kenako analembera Kaunda kalata yomudzudzula, ndipo boma linatseka sukulu. Mu 1976 nkhani inali ya Angola: ophunzira anaima ndi chipani cha kumeneko cha MPLA pamene boma linkaoneka kuti likukondera mbali ina. Sukulu inatsekedwanso, atsogoleri a ophunzira anamangidwa, aphunzitsi ena akunja anatsekeredwa n'kuthamangitsidwa m'dziko. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene nyuzipepala ndi wailesi zinali za boma, bungwe la ophunzira la UNZASU linali pakati pa mawu ochepa otha kunena poyera zimene ena ankanong'onezana. Mu Juni 1990, mtengo wa unga utakwera, ophunzira anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu, ndipo chipwirikiti chimenecho chinafulumizitsa kubwera kwa zipani zambiri mu 1991. Ndiye tikamadandaula za kutsekedwatsekedwa kwa sukulu, tikumbukire kuti si khalidwe la ana a masiku ano okha. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ankaguba chifukwa cha Angola, pamene pambuyo pake zifukwa zinakhala BC, ndalama ya chakudya yochedwa kulowa. Ena amaseka kusinthaku, ati ophunzira anatsika kuchoka pa ndale za dziko lapansi kufika pa mimba. Ine sindiseka nawo. Wa 1971 ankaguba atakhuta nyama ya kudayiningi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, mkuwa unagwa mu 1975, ndipo dziko lodalira mkuwa linayamba kukhalira ngongole. Yunivesite siigwa tsiku limodzi, imafooka pang'onopang'ono. Laibulale inasiya kulandira mabuku ndi magazini atsopano a kafukufuku chifukwa ndalama zakunja zinasowa. Zipangizo za m'malabu zikawonongeka zinkangokhala. Malipiro a mphunzitsi wa digiri ya udokotala anadyedwa ndi kugwa kwa kwacha mpaka osakwana mwezi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 aphunzitsi ambiri, ena ophunzitsidwa kunja pa ndalama za UNZA yomweyo, anasamukira ku Botswana, Swaziland, Namibia ndi South Africa. Otsala ankafuna maganyu a kafukufuku wa mabungwe akunja kuti mabanja adye. Pa nthawi yomweyo a World Bank ankalangiza mayiko a mu Africa kuti ndalama ya maphunziro ipite kwambiri ku pulayimale, poti yunivesite imadya zambiri n'kupindulira ochepa. Malangizowa sanali opanda nzeru konse, koma palibe amene anafunsa mokwanira kuti aphunzitsi a sekondale, madokotala ndi mainjiniya adzachokera kuti. Zofananazi zinachitikanso ku Makerere ndi ku Chancellor College ku Zomba. Abale a ku Malawi nkhaniyi amaidziwa bwino.

Sikuti zonse zinaima. Sukulu ya madokotala a ziweto, yotchedwa dzina la Samora Machel, inamangidwa m'zaka zomwezo za m'ma 1980 ndi thandizo la Japan. Mu 1987 nthambi ya ku Copperbelt inapatuka n'kukhala Copperbelt University ku Kitwe, ndipo kuyambira pamenepo munthu akati "yunivesite" ankayenera kunena kuti iti.

Nkhonya yachiwiri inabwera ndi boma la chipani cha MMD, limene linalowa mu 1991. Makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, Zambia Airways inatha mu 1994, migodi ya ZCCM inamalizidwa kugulitsidwa mu 2000. Amene ankalemba ntchito omaliza maphunziro a UNZA mwaunyinji anali omwewa. Digiri inatsala digiri, koma lonjezo limene linkabwera nayo linatha. Kunayamba kuoneka anyamata ndi atsikana oyenda ndi envulopu ya khaki pa Cairo Road, ofesi ndi ofesi. Kwa ine apa ndi pamene ulemu wakale unathyokera kwenikweni, osati pa utoto wosuluka wa makoma. Anthu ankalemekeza UNZA chifukwa inkasintha moyo wa banja lonse m'zaka zinayi.

Lamulo la 1992 linatsegula khomo kwa mayunivesite a anthu wamba, ngakhale ambiri anabwera pambuyo pa 2000: Zambian Open University, Cavendish, University of Lusaka, Lusaka Apex Medical University ndi ena. Boma nalo linawonjezera ake, Mulungushi ku Kabwe mu 2008, kenako makoleji akale monga Nkrumah, Mukuba ndi Chalimbana anakwezedwa. Lero mayunivesite a boma ndi a anthu wamba pamodzi aposa 50, ndipo lamulo la 2013 linakhazikitsa Higher Education Authority kuti iziwayang'anira. Ena mwa atsopanowa ndi abwino ndithu, ena ndi zipinda zochepa ndi chikwangwani chachikulu. Chodabwitsa, chimene aliyense mu Lusaka amachidziwa koma sichitchulidwa pa mkangano wa m'nyumba uja, n'chakuti aphunzitsi ambiri a m'masukulu atsopanowa anaphunzira pa UNZA, ndipo ena amaphunzitsa uku m'mawa, uko madzulo.

Nayo UNZA, poona kuti ndalama ya boma siikwana, inayamba kudzifunira. Inalandira ophunzira odzilipirira okha, inakulitsa maphunziro a madzulo ndi a patali, mpaka chiwerengero chinapitirira 20,000 pa malo omangidwira ochepa kwambiri. Chipinda cha anthu awiri chinayamba kugona anthu ambiri, mwini bedi n'kumalandira "masikwata". Osowa malo anadzaza mabodingi a ku Kalingalinga, Ng'ombe ndi Kalundu. Mbali ina ya malo a sukulu inabwerekedwa kwa amalonda, ndipo pamenepo pali East Park Mall lero. Ngongole kwa opuma pa ntchito ndi ku mabungwe a misonkho ndi penshoni zinaunjikana, aphunzitsi n'kumanyanyala ntchito, kalendala ya maphunziro n'kusokonekera, digiri ya zaka zinayi n'kutenga zisanu. Sukulu inkagulitsa dzina limene mibadwo yakale inapanga, osaikamo zokwanira zolisunga, ngati mlimi amene akudya mbewu yobzala.

Basale nayo inasintha nkhope. Lamulo la 2016 linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe loyang'anira thandizo la boma, limene tsopano ndi loni yoti munthu adzabweze akayamba ntchito. Mu Okutobala 2018, pa zionetsero za ndalama ya chakudya, mtsikana wa chaka chachinayi anafa ndi utsi m'chipinda chake apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'mahositelo. Mu 2019 nduna ya maphunziro apamwamba Nkandu Luo inathetsa ndalama ya chakudyayo, ndipo boma la UPND linaibwezeretsa mu 2023.

Komabe amene amati UNZA inatha amalankhula mopupuluma. Mwa atsogoleri asanu ndi awiri amene Zambia yakhala nawo, atatu anaphunzira pamenepa: Levy Mwanawasa ndi Edgar Lungu za malamulo, Hakainde Hichilema za chuma. M'makhoti, ku chipatala chachikulu cha UTH, ku Bank of Zambia ndi m'maunduna, mipando yambiri ikuluikulu ili ndi ana a UNZA, ndipo munthu polemba ntchito amakhulupirira sukulu imene anaiona ndi maso ake. Ana a mapointi 6, okhoza koposa pa Giredi 12, ambiri amalembabe UNZA poyamba. Amene alowa ku Natural Sciences amadziwa kuti chaka choyamba ndi mpikisano woopsa wolimbirana malo ochepa a udokotala ndi uinjiniya, ndipo sefa yotereyi masukulu olandira aliyense wotha kulipira alibe. Kafukufuku wambiri wochitika m'mayunivesite a m'dziko muno amachokerabe pa Great East Road ndi ku Ridgeway.

Chimene chasintha n'chakuti ulemuwo sukuphimbanso sukulu yonse mofanana. Wasonkhana m'zigawo zina za yunivesiteyi, monga cha udokotala, cha uinjiniya ndi cha malamulo, ndipo ngakhale wa malamuloyo ayenera kukadutsa mayeso a ZIALE, omulola kugwira ntchito ya uloya, limodzi ndi anzake ochokera kwina, kumene dzina la yunivesite silimulembera mayankho. Chasinthanso ndi amene akulowamo. Mabanja opeza bwino a ku Kabulonga ndi Ibex Hill ambiri amatumiza ana ku South Africa, ku Britain kapena ku masukulu odula a mumzinda muno. Kwa mwana wa mlimi wa ku Petauke kapena wa mayi wogulitsa pa Soweto Market, njira yodalirika ikadali sukulu ya boma ndi loni. Kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere mpaka Giredi 12, kotero ana otere ofika pa chipata cha yunivesite akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo mayina a olandira loni akatuluka, ambiri okhoza bwino sadzipezapo.