Mwana akafotokoza kamodzi, basi zakwana

Pa maphunziro aliwonse amene ndimachititsa kwa alangizi oteteza ana ndi anzathu oona za chisamaliro cha anthu, sipalephera wina kukweza dzanja: "Nanga mwanayo akakana kulankhula, timuumiriza bwanji?" Funso ili landitopetsa. Simumuumiriza ayi. Mwana amene wagwiriridwa, kapena amene anaona matope a namondwe wa Freddy akukokolola nyumba ku Chilobwe mu 2023, thupi lake limakhala ngati ngoziyo sinathe. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, amayambiranso kukodza pogona, m'kalasi amangoti duu. Inu mumati mwano.

Pali mtsikana wina wa zaka 11 amene sindimuiwala. Nkhani ya kugwiriridwa kwake anafotokozera azakhali ake, kenako amfumu, aphunzitsi, ndi wina wa m'komiti ya m'mudzi. Ine ndinali wachisanu, cholembera chili m'manja, n'kufunsanso kuti zinayamba bwanji. Anandiyang'ana n'kuti, "Kodi enawo sanakuuzeni?" Sanatsegulenso pakamwa tsiku limenelo. Sukulu ndinali nditamaliza, koma palibe anandiphunzitsa kuti kubwerezetsa mwana nkhani yotere n'kutosa chilonda chomwe chayamba kuuma.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anafika kwa ife patatha sabata yathunthu. Masiku onsewo anali kwa mneneri wina, ati kumuchotsa ziwanda chifukwa ankakuwa usiku. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambika pasanathe maola 72. Pempherani, sindikukanizani, koma muyambe mwapita kuchipatala. Ndipo aliyense wofuna ndalama kapena mbuzi kuti "atsuke" mwana wogwiriridwa, muthaweni.

N'chifukwa chake alangizi timawaphunzitsa zinthu zooneka zazing'ono: kumufunsa mwana pomwe akufuna kukhala, kumuuza amene adzamve nkhaniyo, kusamulonjeza chinsinsi chimene sungasunge, kusiya mawu aja akuti "limba mtima, iwala". Kumalo a Chikwanekwane, ngati aja a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, achipatala, apolisi ndi aphungu amakhala pamodzi kuti mwana asayendeyende ndi nkhani yake. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere.

Mwana akasiya kudya, kapena akatchula zodzipha ngakhale mwanthabwala, musadikire msonkhano wa komiti. Pitani naye tsiku lomwelo kwa anamwino a matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Ena amaopa kuti amutsekera ku Zomba Mental. Ana ambiri otere amathandizidwa n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.