Tulo ta Mwana Wakhanda: Uthenga kwa Makolo a mu Zomba

Mwana amene wangobadwa kumene amagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma tulo take timakhala toduladula: amagona maola awiri kapena atatu, nkudzuka kuti ayamwe, kenako nkugonanso, osasiyanitsa masana ndi usiku. Kudzukadzuka kotere si matenda ndiponso si umboni wakuti mkaka wa mayi ndi wochepa. Mimba ya khanda ndi yaing'ono kwambiri ndipo mkaka wa m'mawere sukhalitsa m'mimbamo, choncho mwana amafunika kuyamwa kasanu ndi katatu kapena kuposa apo pa tsiku, usiku womwe. Kuyamwitsa usiku kumathandizanso kuti mawere azipanga mkaka wochuluka.

Pa chifukwa chimenechi, musamwetse khanda madzi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala azitsamba pofuna kuti ligone nthawi yaitali, ngakhale akukulangizani ndi akuluakulu amene mumawalemekeza. Mpaka atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mwana amafunika mkaka wa m'mawere wokha.

Ana ambiri amayamba kugona motalikirapo usiku akafika miyezi iwiri kapena itatu. Mungathandize mwana kuzolowera pomusunga powala masana, pamene pali phokoso la pakhomo la masiku onse, ndi kumuyamwitsa mwakachetechete usiku, nyale itachepetsedwa. Dziwaninso kuti khanda likagona limabuula, kuphupha manja ndi kusuntha milomo koma lili m'tulo ndithu, choncho ndi bwino kudikira pang'ono musanalinyamule.

Mwana agonekedwe chagada nthawi zonse, osati chafufumimba, pa matiresi olimba kapena pamphasa yoyalidwa nsalu, popanda pilo, ndipo nkhope yake isafundidwe. Agone m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, chifukwa malungo ali paliponse m'boma lino, makamaka m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo yozizira imatsika kuchokera kuphiri la Zomba, mabanja ena amalowetsa mbaula kuchipinda. Zimenezi ndi zoopsa kwambiri, pakuti makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo umene ungaphe mwana ndi makolo omwe ali m'tulo. Vekani mwana zovala zofunda, ndipo mukamukhudza pachifuwa nkupeza thukuta, muchotsereni chofunda chimodzi. Munthu amene wamwa mowa kapena amasuta fodya asagone pamodzi ndi khanda.

Mwana wofunika kuda naye nkhawa ndi amene akugona mopitirira muyezo. Ngati akuvuta kudzutsa, akukana bere, thupi latentha kapena lazizira, akupuma mofulumira, wachita chikasu kapena wakomoka, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ana obadwa masiku asanakwane kapena osafika makilogalamu 2.5 amakonda kugona kwambiri, choncho azidzutsidwa maola awiri kapena atatu aliwonse kuti ayamwe. Ana oterewa amathandizidwanso ndi njira ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa khungu ndi khungu, imene kuno ku Malawi idayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Nawonso mayi amafunika tulo. Agone pamene mwana wagona, ngakhale masana, ndipo ntchito yotunga madzi, kuphika ndi kuchapa matewera igwiridwe ndi bambo, agogo kapena achibale ena ngakhale nthawi ya chikuta itatha, chifukwa kutopa kumakula pamene othandiza abwerera kwawo. Bambo angathe kugeyetsa mwana akatha kuyamwa ndi kumutonthoza usiku. Kulira kwa mwana kukakufikani pakhosi, mugonekeni pamalo otetezeka ndi kuitana wina, koma musamugwedeze mwamphamvu, chifukwa ubongo wake ungavulale. Mayi amene kwa masabata oposa awiri wakhala wokhumudwa, wolira kapena wosowa tulo ngakhale mwana atagona afotokozere namwino kusikelo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, pakuti vutoli lili ndi chithandizo. Mungathenso kufunsa malangizo poimba ku Chipatala cha pa Foni.