Lamba wa m'ndege azikhala pa mafupa a m'chiuno

Ambiri amaganiza kuti ndege ikangochita ngozi, basi onse apita. Si choncho ayi. Bungwe lofufuza ngozi za maulendo la NTSB, la ku America, litaunika ngozi za ndege zonyamula anthu m'dzikolo kuyambira 1983 kufika 2000, linapeza kuti pa anthu 100 alionse, oposa 95 anapulumuka.

Chimene chimavulaza kwenikweni ndi kuima mwadzidzidzi. Ndege ikamenya pansi imaima, koma thupi lanu limapitirirabe ndi liwiro lomwe lija mpaka china chake chiligwire. Mphamvu imeneyi timaiyeza ndi g: 1 g ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thupi lanu, 16 g ndi kulemerako kuchulukitsa ka 16. Pa 16 g, munthu wa makilogalamu 70 amakoka lamba ngati akulemera makilogalamu oposa 1,100. Komabe thupi limapirira likagwidwa bwino. Mu 1954, dokotala wa asilikali John Stapp anamangidwa pa chingolo chothamanga ndi roketi ku New Mexico, anaimitsidwa ndi mphamvu ya 46 g, ndipo anakhala ndi moyo.

Kale mipando ya m'ndege inkayesedwa pongoikoka mpaka 9 g. Mu 1988 bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA linalamula kuti mipando ya mitundu yatsopano ya ndege iziyesedwa pa 16 g, chidole chonga munthu chitakhalapo, n'kumayeza zochitika kumutu, kumsana ndi m'ntchafu.

Ngozi ya ku Kegworth, ku England, pa 8 Januwale 1989, inatiphunzitsa zambiri. Mwa anthu 126 a mu ndege ya Boeing 737, 47 anamwalira. Ambiri mwa opulumuka anathyoka miyendo: inaponyeka kutsogolo n'kukamenya kunsi kwa mpando wapatsogolo. Apa mpamene ndimaumirira kwambiri, chifukwa wothyoka mwendo sangathawe moto ndi utsi, pamene ndege zimayesedwa kuti anthu onse atuluke m'masekondi 90 okha. Nchifukwa chake ogwira ntchito m'ndege amakuuzani kuwerama, mutu pafupi ndi mawondo kapena wotsamira mpando wapatsogolo, mapazi atapondetsa pansi. Mukatero thupi silikhala ndi mpata woponyeka.

Lamba naye ali ndi malo ake. Mutsitseni pa mafupa olimba a m'chiuno, kenako kokani mpaka athine, moti dzanja lisalowe mosavuta. Akakhala wokhwepa kapena pamwamba pa mchombo, thupi limatsetsereka kunsi kwake, iye n'kulowa m'mimba, kuvulaza matumbo ngakhalenso msana. Pa ngozi ya ndege ya kampani ya Asiana ku San Francisco mu 2013, mwa anthu 307 anamwalira atatu, ndipo awiri mwa iwo anaponyedwa kunja asanamange lamba.

Makolo, mvetsetsani ichi: mwana wa makilogalamu 10 pa 16 g amakoka ngati makilogalamu 160. Palibe manja angamugwire, chikondi chikule bwanji. Ngati n'kotheka, mwana akhale pampando wake wovomerezeka kugwiritsidwa ntchito m'ndege.